Zipapiko za pa bala ya kwanu: pitani nokha pamoto

Zipapiko zabwino sizibwera zokha patebulo. Munthu amene amafika pa bala, n'kukhala pampando wapulasitiki, n'kutuma kamnyamata kuti "kawauze andiwotchere zinayi," amadya zimene wowotcha akufuna zimuchoke pamaso: zija zakhala m'mphepete mwa waya chiyambire masana, zauma, zabwezedwa pamoto kawiri. Choncho mukafika perekani moni, itanitsani chakumwa, muchisiye ndi mnzanu, inu mudzuke mulowere kumene kukufuka utsi. Zambiri zimene ndinene pano zimachitikira kumeneko.

Sindikunena za malo akuluakulu a m'tauni kumene amakupatsani pepala la mitengo ndi foloko yokulunga m'tishu. Kumeneko zipapiko zimabwera zitanyikidwa mu sosi womata, kaphikidwe kamene kadayambira ku Buffalo, ku America, mu 1964, ndipo nazo zili ndi kukoma kwake. Sindikunenanso za Bwandilo ku Area 47 muno mu Lilongwe, kumene owotcha ndi ambirimbiri moti mmodzi akakukhumudwitsani mumangosunthira kwa mnzake. Ndikunena kabala ka m'dera, konga kamene ndimapitako ine kuno ku Area 25, kamene mukakapezanso ku Kawale, ku Biwi, ku Chilinde, ku Area 23, ku Area 49 ndi ku Chinsapo komwe. Chipinda chimodzi cha kauntala, firiji, TV pamwamba pa khoma, tebulo la pool pakhonde, ndiye panja pakona kachisakasa ka malata. M'kachisakasamo muli mgolo wodula pakati wokhala ndi waya pamwamba, pambali pake chiwaya cha tchipisi. Wowotcha ndi mmodzi yekha. Mukadana naye mwadana ndi nkhuku ya dera lonse.

Dziwiranitu kuti kawirikawiri wowotchayo si wantchito wa mwini bala. Ndi bizinesi yakeyake. Amalipira malo, kapena adangogwirizana ndi mwiniwake popeza nyama imasunga anthu kuti asathawire kunyumba msanga. Ndiye ndalama ya mowa ndi ya nyama sizikumana. Musakadandaule kwa asisi a pakauntala kuti zipapiko zinali zosapsa. Akuyang'anani, n'kupitiriza kutsegula mabotolo.

Nthawi yofikira ndi nkhani. Moto wongoyatsa kumene si wowotchera nyama. Makala amakhala akadali akuda, akufuka, ndipo ambiri amakolezera ndi jumbo kapena kadontho ka parafini. Phiko loikidwa pamenepo limamwa fungo lonselo, tsabola sangalibise. Moto wabwino ndi uja makala afiira onse, pamwamba payera phulusa, lawi palibe, koma mukayandikiza dzanja simukhalitsa. Kwathu kuno zimenezi zimachitika dzuwa likamapendeka, cha m'ma 5 kapena 6 koloko. Nyengo ya mvula onjezeranipo nthawi, makala amabwera onyowa ndipo amayamba afuka kaye nthawi yaitali. Makala olemera, osatha msanga, amene owotcha amawakonda, ambiri ndi mitengo yachilengedwe ya ku Dzalanyama, nkhalango yomweyo kumene kumayambira mtsinje wa Lilongwe umene timamwa madzi ake. Ndimadya ndithu, koma sindidzinamiza kuti sindikudziwa kumene motowo wachokera.

Tsiku la mpira chenjerani ndi hafu taimu. Kaya Silver Strikers ikukumana ndi Bullets, kaya ndi Loweruka la Premier League pamene bala yagawikana pakati, awa a Arsenal awa a Manchester United, woyimbira akangoliza wezulo gulu lonse limadzuka nthawi imodzi kupita pamgolo, aliyense akufuna zake zipse mpira usanayambirenso. Nthawi yopumira ndi mphindi 15. Phiko laliwisi lochokera m'bokosi losungira nyama limafuna mphindi zoposa 20. Wowotcha sangakane ndalama, ndiye amatenga katoni n'kukupiza moto, lawi n'kukwera, zipapiko kunja kuda bii m'kati muli magazi. Inu itanitsani mpira usanayambe, kapena chigawo choyamba chili pakati, muziphonye mphindi zochepazo. Chigoli achibwereza.

Masiku nawonso amasiyana. Lachisanu ndi Loweruka, makamaka kumapeto kwa mwezi anthu atalandira, nyama imayenda, ya tsiku lomwelo imathera pomwepo. Lachiwiri la pakati pa mwezi funsani mafunso ambiri.

Mukafika pamgolo musayambe ndi oda. "Mwaswera bwanji achimwene? Zikuyenda?" Kenako: "Zipapiko zosawotcha zilipo? Tandionetsani." Wowotcha wodzidalira amatsegula bokosi lake kapena ndowa osanyinyirika. Amene wayamba kukulozerani za pawaya zokha, "izi bigi zapsa kale, n'zotentha," ali ndi chifukwa chake. Yang'anani m'bokosimo. Khungu likhale loyera kapena lachikasu pang'ono, lonyowa koma losaterera. Likamaoneka lotuwa, kapena lobiriwira cha kunsonga, kapena pansi pa ndowa padikha madzi ofiira onanda, bwererani ku tchipisi. Weramani pang'ono mununkhize, palibe amene akumangeni. Nkhuku yabwino yaiwisi siimveka fungo kwenikweni. Ikayamba kumveka kachiwawasa, yapita, ngakhale aithire zokometsera zachikasu zochuluka bwanji. Ndipotu ine ndikaona zipapiko zopakidwa zokometsera mpaka khungu osaoneka, ndimayamba kufunsa kuti akubisa chiyani.

Funso lina limene sindilichitira manyazi ndi la magetsi. Ngati dera lonse lakhala mumdima kuyambira m'mawa, nkhukuyo yasungidwa kuti? Tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba, monga Salmonella ndi Campylobacter, timakhala pa nkhuku yaiwisi nthawi zambiri, ndipo nyama ikakhala pofunda ena mwa iwo amachulukana msanga. Mu Okutobala, dzuwa lija la Lilongwe likuswa mtengo, bokosi lopanda ayezi ndi chabe ndowa yokhala ndi chivindikiro. Gwirani kunja kwa bokosilo, kapena onani ngati m'kati muli mabotolo a madzi oumitsa. Owotcha anzeru amachita zimenezo.

Nanga nkhuku yake ndi iti? Zipapiko zambiri za pa bala ndi za nkhuku zoyera zija, zimene zimaphedwa zili ndi masabata pafupifupi 6. Ndi zonenepa, khungu lake lofewa, mafuta ambiri, ndipo pamoto wa makala ndizo zimakhala bwino chifukwa mafutawo amaziteteza kuti zisaume. Nkhuku ya lokolo ndi yokoma kuposa pamenepo, palibe wotsutsa, koma phiko lake ndi laling'ono, nyama yake yolimba, ndipo kuliwotcha laliwisi ndi kuzunza nsagwada. Likhale lofutsa kaye ndi mchere ndi anyezi, kenako liwambidwe pamoto. Chimodzimodzi nkhuku zoikira mazira zimene zatopa n'kugulitsidwa motchipa. Mukaona zipapiko zazitali, zowonda, mtengo wake wotsika modabwitsa, mwina ndi zimenezo. Funsani ngati zafutsidwa.

Sankhani nokha, mulozere ndi chala chimodzichimodzi. Zikhale zofanana kukula kuti zipsere limodzi. Lothyoka fupa, lokhala ndi banga lakuda la magazi, lisiyeni. Nthenga zotsalira kunsonga si vuto, moto uziwaula.

Tsopano pali njira ziwiri, chiwaya kapena makala. Pachiwaya zimapsa msanga ndipo zimapsa mpaka m'kati, ndiye ngati muli pachangu kapena simukumudziwa bwino wowotchayo, njira yosadetsa nkhawa ndi imeneyo. Koma yang'anani mafutawo. Akakhala akuda, akuchita thovu, akufuka utsi wolasa m'maso, ndi a dzana, ndipo mwadutsa nsomba, soseji, chiwindi ndi tchipisi zosawerengeka. Phiko lotuluka mmenemo limakoma zonsezo kupatula nkhuku, ndipo chilungulira chake mudzachimva pakati pa usiku. Ine ndine wa makala. Pena ndimapempha zonse ziwiri, aziviike kaye m'chiwaya mphindi zingapo kenako azimalizire pawaya kuti zimwe utsi, koma pokhapokha mafuta akakhala atsopano.

Pamakala mawu anu akhale ochepa koma omveka. "Achimwene, musathamange nazo. Muzicheke polumikizirapo, muthire mchere wokha, muziike m'mbali kaye." Kucheka kumeneko n'kofunika. Malo amene amatsalira osapsa paphiko ndi pamfundo ponenepa paja, pamene fupa la kumtunda limakumana ndi a pakati. Mpeni ukadutsapo, phiko n'kutambasulidwa, kutentha kumalowa. M'mbali mwa waya, pamene moto uli wofatsa, mafuta a pansi pa khungu amasungunuka pang'onopang'ono, nyama n'kumapsa kuchokera m'kati. Zikatha mphindi 15 kapena kuposerapo, ndi pamene zisunthidwe kupita pakati, pamoto waukali, kuti khungu lifiire, liume, lizilira pansi pa dzino. Ambiri amachita chosemphanitsa, kuyambira pakati, chifukwa kasitomala akaona khungu lafiira amakhulupirira kuti zapsa.

Imani pomwepo, chezani naye. Muona mafuta akudontha pamakala, kalawi n'kudumpha. Wowotcha wodziwa ntchito sadikira, amangokokera phikolo pambali ndi foloko yake mpaka lawilo lizime, kapena kuwaza timadzi ndi zala. Lawi likanyambita khungu limasiya mwaye, ndipo mwaye umawawa. Wathu kuno amatembenuza zipapiko pafupipafupi, uku akukambirana za mpira ndi munthu wina, uku akudula anyezi, maso osayang'ana n'komwe pawaya, koma phiko likangoyamba kulira mosiyana dzanja lafika kale. Munthu wotero simumulangiza zambiri. Mukamuuza kamodzi mmene mumakondera, sabata yamawa akangokuonani mukutsika kabaza zanu zalowa kale m'mbali.

Ngati ali ndi sosi wake wopaka, uja wosakaniza tomato sosi, shuga ndi adyo, apake kumapeto zitatsala pang'ono kuchoka. Shuga amapserera msanga. Ine sindiufuna n'komwe, koma anzanga ena amaukonda.

Kupsa mukudziwa bwanji? Akatswiri a zakudya amati nyama ya nkhuku ifike madigiri 74 m'kati mwake. Pa bala palibe woyenda ndi choyezera, ndiye gwiritsani maso. Muuzeni acheke phiko lonenepa kwambiri pamfundo paja, inu mukuona. Timadzi totuluka tikhale toyera, nyama yoyera mpaka pafupa, ndipo izisiyana ndi fupalo mosavuta. Nyama yonyezimira, yapinki, yokakamira pafupa, ibwerere pamoto, ndipo musapepese. Koma musamunamizirenso wowotcha. Nkhuku zoyerazi zimaphedwa mafupa asanakhwime, ndiye mafuta a m'fupa amatha kutulukira kunja, makamaka ngati nkhukuyo idaumitsidwa mufiriji, n'kusiya mtundu wofiirira kapena wakuda pafupa ngakhale nyama itapsa bwinobwino. Kufiira kwa fupa lokha si mlandu. Yang'anani nyamayo.

Chimene ambiri sachiona ndi thabwa ndi mpeni. Nkhuku ikhoza kupsa bwino, koma ngati aidulira pathabwa lomwe lija anadulirapo yaiwisi, ndi mpeni womwewo wongopukutidwa pa kansalu, ntchito yonse ya moto yapita pachabe. Saladi ndiye koposa, chifukwa kabichi, tomato ndi anyezi sizidutsa pamoto. Onani ngati pali thabwa lachiwiri, onani madzi amene akutsukira mbale. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 mpaka 2023, imene idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sukulu za mumzinda uno n'kuchedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Nyengo ya mvula ine saladi ya pa bala ndimaisiya. Anyezi wodulidwa ndikuona, ndi ndimu, basi.

Mbale ikafika patebulo, kusamba m'manja kuyambe. Mwagwira ndalama, ndodo ya pool, chitseko cha kuchimbudzi, manja a anthu khumi. Madzi akhale othira kuchokera m'jagi, wina akuthirirani, ndi sopo, osati beseni limodzi loti aliyense aviikemo. Foloko musapemphe. Foni ilowe m'thumba. Dzanja lamanja ndi la nyama, lamanzere ndi la botolo, ndipo zisasinthane, apo ayi botolo liyamba kuterera, ndipo zikatero limathera pansi.

Tsabola amabwera mitundu itatu. Pali mchere wosakaniza ndi tsabola wosinja umene amathira pakona ya mbale, woti muzidyolako pang'onopang'ono. Pali botolo la Nali wa ku Thyolo, uja adalembapo okha kuti "Abale samalani," ndipo sadalembe mocheza. Ndiye pali kambuzi, katsabola kachikasu kozungulira kaja, kaya koduladula kumene kaya konyikidwa m'mafuta m'kabotolo ka wowotcha. Kwa ine mnzake weniweni wa phiko ndi kambuzi, chifukwa asanayambe kuluma amayamba wanunkhira, ndipo fungo lakelo limagwirizana ndi mafuta a khungu la nkhuku. Koma chilichonse chimene mwasankha, chikhale pambali. Musathire pambale yonse. Patebulo pali wa zilonda za m'mimba amene sananene, ndipo phiko loyamba liyenera kudyedwa ndi mchere ndi ndimu zokha kuti mumve ntchito ya wowotcha.

Tsabola akakupitirirani muyezo, mowa sukuthandizani. Chimene chimatentha mu tsabola, capsaicin, sichisungunuka m'madzi koma m'mafuta, ndipo mowa pafupifupi wonse ndi madzi. Mukagugudiza botolo mumangomwaza motowo m'kamwa monse. Tafunani tchipisi kapena mbamu ya nsima ngati ilipo. Mkaka kapena chambiko ndiye mankhwala enieni, koma amene angaitanitse chambiko pa bala Loweruka usiku ndi wolimba mtima kuposa ine. Ndipo abambo anzanga, mukagwira kambuzi ndi zala, sambani ndi sopo musanapite kukataya madzi, osati pobwera pokha. Sindionjezera.

Tsopano phikolo. Lili ndi zigawo zitatu, ndipo chilichonse chili ndi kadyedwe kake. Chakumtunda, chimene chimalumikiza kuthupi la nkhuku, chili ndi fupa limodzi ndi nyama yambiri. Chimenecho n'chosavuta, gwirani kumapeto muzizungulira ndi mano. Anthu ambiri amachithamangira, ine ndimawasiyira, chifukwa nyama yake imafanana ndi ya pachidale, imauma msanga. Chokoma ndi chapakati, chophwatalala chija, chimene chili ndi mafupa awiri oyendera limodzi, lalikulu ndi laling'ono, khungu mbali zonse ziwiri, ndi kanyama kofewa kobisala pakati pa mafupawo. Osadziwa amaluma kunja kokha, kanyama kapakatiko n'kupita kwa galu.

Chitani chonchi. Thyolani phiko pamfundo zonse ziwiri kuti chapakati chikhale pachokha. Kumapeto kwake kotakata kuli chicherewechere chimene chimagwira mafupa awiri aja, chilumeni muchichotse, n'chodyedwa. Mitu ya mafupa iwonekera. Gwirani laling'onolo ndi zala ziwiri, lipotozeni uku ndi uku mpaka mumve kuti lamasuka, likokeni. Limatuluka loyera. Chitaninso chimodzimodzi ndi lalikulu, uku mwagwira kumapeto kwinako. Chotsala m'dzanja ndi nyama ndi khungu zokhazokha, zoti mudyole pa mchere ndi kambuzi n'kuponya m'kamwa kamodzi. Njira imeneyi ndi mboninso ya wowotcha. Fupa likakana kupotoka, likamatuluka ndi nyama yokakamira, phikolo silinakhalitse pamoto.

Kansonga ena amataya, ndipo kumalo a m'tauni kuja amakadula asanaphike. Pamakala, kakauma bwino, kamatafunika pafupifupi konse. Mitu ya mafupa nayo kukutani, yamwani za m'kati, palibe wokuonani zachilendo. Mbale yobwerera kwa wowotcha ili ndi nyama pamafupa imamuuza kuti simunakonde kapena ndinu mlendo. Mafupa aunjikeni pakona ya mbale kapena pa tishu. Musaponyere agalu ozungulira pabalapo. Fupa lankhuku lopsa limasweka mosongoka ndipo limatha kumubaya galu pakhosi kapena m'matumbo, komanso mukaponya limodzi mudya zotsalazo maso anayi akukuyang'anani m'kamwa.

Mu Juni ndi Julaye, mphepo ija ikamawomba pakhonde, zipapiko zimazizira musanafike pachitatu, mafuta n'kuundana pakhungu. Musaitanitse mulu nthawi imodzi. Uzani wowotcha kuti theka libwere pano, theka linalo likhale m'mbali mwa moto, mukalitenge mukamaliza. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa vuto ndi fumbi. Khalani kumbali yotalikirana ndi msewu, apo ayi minibasi iliyonse yodutsa ikuthirirani zokometsera zake.

Chakumwa sindikuuzani zambiri, aliyense ali ndi chake. Nyama yamafuta ndi tsabola imafuna chozizira chowawira pang'ono, n'chifukwa chake Green wakhala pambali pa kanyenya chiyambire 1968, pamene Carlsberg idatsegula fakitale ku Blantyre, yoyamba kunja kwa Denmark, ndipo sadachokepo ngakhale Castel itatenga kampaniyo mu 2016. Kuche Kuche ndi wopepuka, amayenda bwino ngati mukhalitsa. Stout amaphimba kukoma kwa nkhuku. Chibuku chimakhutitsa chokha, phiko limasowa pokhala. Osamwa mowa musadzimve otsalira, theka la anthu amene amabwera pamgolo wathu amadzera nyama yokha. Cherry Plum ndi Cocopina ndi zotsekemera kwambiri pambali pa kambuzi, ine ndingasankhe ginger ale kapena madzi ozizira. Chimene ndingalimbikire n'chakuti nyama ibwere koyambirira, botolo loyamba lisanathe. Mowa wogwera m'mimba yopanda kanthu umakwera msanga, ndipo munthu amene wafika pa botolo lachisanu sasiyanitsanso phiko lopsa ndi laliwisi. Owotcha ena amadziwa zimenezi, ndipo zotsalira zawo amasungira ola limenelo.

Pa bala ya m'dera simudya nokha. Mbale ikatera, aliyense amene ali patebulo mumamuuza kuti "tiyeni," ndipo amene wadutsa n'kupereka moni nayenso mumamuitana. Ambiri amayankha "zikomo, pitirizani," ena amatenga kamodzi mwaulemu. Ndiye powerengera oda, onjezerani ziwiri za alendo. Pakakhala achikulire, mbale iyambire kwa iwo: "Madala, tayambani." Zimandiseketsa ndikakumbuka kuti kumudzi nkhuku ikaphedwa, nthutumba ndi ntchafu zinkapita kwa abambo ndi alendo, ife ana n'kulandira zipapiko, khosi ndi zipalapasiro. Lero madala omwewo akulimbirana nafe gawo la ana, ndipo akulipira.

Pali munthu mmodzi pa bala iliyonse amene mphuno yake imadziwa nthawi imene mbale ikuchoka pamgolo. Sagula, koma nkhani ali nazo zambiri, ndipo amazikamba dzanja lili m'mbale. Kukangana naye n'kutaya nthawi, ndi wa m'dera, mukakumana naye pamaliro. Njira yake ndi kugawiratu. Mbale ikafika, inu amene mwagula nenani mokweza, mukuseka, "aliyense ziwiri, izi ndi za ankolo," n'kumuikira zake pa tishu. Walemekezedwa, ndipo malire aikidwa. Phiko lomaliza ndi la amene wagula, pokhapokha iye mwini atalipereka. Ndipo ngati mnzanu waponya raundi ya zakumwa, nyama ndi yanu, osadikira kuuzidwa.

Mtengo funsani zisanapite pamoto, ndipo mumvetsetse ngati akunena phiko lathunthu kapena chigawo, chifukwa ena amadula pawiri n'kuwerenga ziwiri. Sindilemba mitengo pano, ingakhale yabodza mwezi usanathe. Chichokereni Novembala 2023, pamene kwacha idagwa ndi 44 peresenti, chakudya cha nkhuku, mafuta ophikira ndi makala zakhala zikungokwera, ndipo wowotcha akakweza si kuti wakuonani nsapato. Kunenerera kulipo, koma pang'ono. Chimene chimagwira ntchito bwino ndi kubwerabwera. Kasitomala wodziwika sapempha banyira, amangoona kakhosi kapena nthutumba yawonjezeredwa pambale popanda mawu. Yendani ndi ndalama zing'onozing'ono. Kupereka K5,000 pa zipapiko ziwiri moto utangoyaka kumene ndi kumutuma munthu azungulire dera lonse kusaka tchenji, nyama yanu ikupserera. Ambiri amalandira Airtel Money kapena Mpamba, koma funsani kaye, ndipo mudikire uthenga ulowe pafoni yake musanachoke. Ngongole ya nyama musayambe. Mpamba wa bizinesi ya munthu ameneyu ndi wa tsiku limodzi, zimene wagulitsa lero ndizo akaodere nkhuku mawa.

Za kunyumba musaiwale, makamaka ngati munatsanzika kuti mukungokaona chigawo choyamba. Koma zikhale zawozawo, zowotchedwa mukamanyamuka, osati zotsala pambale zimene zagwidwa ndi manja a tebulo lonse. Itanitsani mukamayamba botolo lomaliza. Zikachoka pamoto zipume kaye pang'ono, kenako azikulunge m'pepala loyera musanaziike m'jumbo. Zotentha zikalowa m'pulasitiki mwachindunji zimachita thukuta, khungu lija munalidikirira mphindi 25 n'kufika kunyumba litalefuka. Tsabola amange payekha, ana adyeko.

Ngati mwamwa, galimoto igone pomwepo kapena ayendetse amene amamwa ginger ale uja. Wakabaza mutenge amene mumamudziwa, wa pasiteji ya m'dera, ndipo jumbo muigwire nokha, musaikoleke pa handulo pafupi ndi injini. Mukapeza onse agona, zipapikozo zilowe mufiriji usiku womwewo, m'mawa muzitenthetse pa poto mpaka zitulutse nthunzi m'kati. Ngati magetsi kulibe ndipo ndi nyengo yotentha, adzutseni adye.